Maganizo amadwalitsadi thupi, koma amayi akayezedwebe

Achemwali, mwafotokoza kuti chimwalirireni bambo anu, amayi amangodandaula za mutu, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, koma akawayeza malungo sawapeza, amangobwerako ndi panado. Mukufunsa ngati maganizo angadwalitsedi thupi, komanso chifukwa chake nkhaniyi sitiimva pa maphunziro a zaumoyo.

Amayi sakunamizira ayi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kamene kamatulutsa adrenaline ndi cortisol munthu akagwidwa ndi mantha kapena nkhawa. Timadzi timeneti timathamangitsa mtima, timakweza BP ndi shuga m'magazi, ndiponso timaumitsa minofu ya m'khosi ndi m'mapewa kuti thupi likonzekere kuthawa ngozi. Munthu akakumana ndi njoka panjira zimenezi zimamupulumutsa, ndipo njokayo ikalowa kutchire mtima umakhalanso m'malo. Koma chisoni cha maliro, ngongole ya katapila kapena nkhanza za m'banja sizichoka m'mphindi zochepa, choncho thupi limakhala tcheru usana ndi usiku kwa miyezi, mpaka tulo timasowa, nsima siilowa ndipo chitetezo cha m'thupi chimafooka. Komanso munthu wosweka mtima amayamba kudumphitsa mankhwala, kaya a BP, a shuga kapena ma ARV, ndiye matenda amene anali atagonja amadzukanso.

Apa ndichenjezepo. Kwa zaka zambiri ngakhale madokotala ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimayamba chifukwa cha nkhawa, kufikira pamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2005. Choncho mawu akuti "ndi maganizo chabe" asatseke khomo: amayi ayezedwe BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limandipweteka mtima. Kuyambira 1948 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti thanzi ndi kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu. Komabe pitani kusikelo m'mawa, amayi atadzaza pamabenchi ana ali kumbuyo: mlangizi wa zaumoyo aphunzitsa za neti, magulu asanu ndi limodzi a zakudya, kusamba m'manja ndi kulera, nyimbo n'kuimbidwa, koma si kawirikawiri kumva akufunsa kuti, "Kodi usiku mukugona bwanji?" Ambirife tikamva za matenda a maganizo timangoganiza za misala ndi chipatala cha ku Zomba, motero wovutikayo amasankha kutchula mutu wokha poopa kunyozedwa. Ine ndikuona kuti phunziroli liyenera kukhala pabenchi pomwepo, komanso m'kalasi ya Life Skills, ndipo silifuna ndalama zambiri. Ku Harare, Dr. Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kumene ife timati kuganiza kwambiri.

Ulendo uno mukapita kuchipatala mulowe nawo limodzi amayi, ndipo musanatchule za mutu muwauze adokotala za maliro aja ndi mwezi umene tulo tinayamba kuvuta. Ngati amayi anayamba atanenapo zotopa ndi moyo, zimenezonso muzinene, ndipo musadikire tsiku lina.