Kodi mwanayu akuiwala kapena sizinalowe n'komwe?

Mayi, mwafunsa za mwana wanu wa Sitandade 5 amene amaloweza nyimbo za pa wailesi mosavuta, koma zimene aphunzitsi anena m'kalasi sazikumbukira. Chonde musafulumire kumutchula kuti ndi mbuli, ndipo musamumenye. Kawirikawiri zimene timati mwana waiwala zimakhala kuti sizinakhazikike m'mutu poyamba pomwe.

Mawu akalowa m'khutu, ubongo umayamba wawagwira kwa kanthawi, ndipo malo ogwirirapo ndi ochepa kwambiri. Katswiri wa za maganizo George Miller mu 1956 anati timagwira zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi, koma katswiri wina, Nelson Cowan, mu 2001 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 4. Ndiye taganizirani kalasi yodzaza, phokoso, m'mimba mulibe kanthu, phunziro lili m'Chingerezi chimene mwana akulimbana nacho. Malo aja amadzaza mfundo ya phunziro isanafike. Nyimbo amaimva kambirimbiri, amaikonda, ndipo kaimbidwe kake kamamukumbutsa liwu lotsatira.

Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi ndiyo imasankha choti munthu amvetsere, kukankhira kumbali zosokoneza, ndi kusanja zimene wamva. Imeneyi imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20.

Yesani izi madzulo, wailesi ndi foni zili zothimitsa. Mutchulireni mawu 12 osakaniza ziweto, zipatso ndi ziwiya za kukhitchini. Pakapita mphindi 20 mumufunse. Akakakamira, mupatseni poyambira: "Panali ziweto ziti?" kapena "Ndinati mbuzi kapena nkhosa?" Mawu akayamba kutuluka, ndiye kuti anasungidwa, chikumuvuta ndi kuwasanja ndi kuwapeza. Zimenezi zimaphunzitsika. Azolowere kuika zinthu m'magulu, aziwerenga pang'ono n'kutseka kope, kenako akufotokozereni m'Chichewa chake. Mawa mumufunsenso, komanso pakatha sabata. Kudzifunsa chonchi kumaposa kubwereza kuwerenga tsamba lomwelo, ndipo tulo tokwanira n'tofunika kuti zimene waphunzira zikhazikike.

Koma ngati ngakhale mutamukumbutsa sakuzindikira kalikonse, kapena amangoti duu kuyang'ana malo amodzi osakumvani, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi khunyu. Mukawauzenso adokotala ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, chifukwa ana ena ochira matendawa amatsala ndi vuto losakhazikika maganizo.