Mwana wanga amaflasha mafoni, akuti za ndege angathenso

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera za mwana wake wamwamuna amene analemba MSCE chaka chatha. Mnyamatayo amaswera pa benchi ya mnzake mumsika, kuflasha mafoni (kuikamo pulogalamu yatsopano) ndi kusintha masikirini. Tsiku lina anaona pa YouTube munthu akulowetsa kamemori khadi pa sikirini ya kandege n'kuikamo pulogalamu yatsopano, ndiye akuti ntchitoyo ndi yomwe amagwira kale, kubwerera kusukulu n'kutaya nthawi. Mayiwo akufuna kudziwa ngati mwanayo akunena zoona.

Mayi, mwana wanuyo maso ali nawo. Ndege zing'onozing'ono zatsopano, monga Cessna 172 ndi Caravan, zilibenso timawotchi tambirimbiri tija kutsogolo kwa woyendetsa. Zili ndi masikirini, otchuka kwambiri ndi a Garmin G1000. Ina imaonetsa liwiro, kutalika kwa pamene ndege ili ndi mmene yapendekera, inayo imaonetsa mapu ndi mmene injini ikugwirira ntchito. M'mphepete mwa sikirini iliyonse muli timipata tiwiri ta khadi ya SD, yonga ya mukamera. Mpaka pamenepa sanalakwe.

Koma zolowa pa khadiyo zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi deta ya maulendo: mabwalo a ndege, njira za mumlengalenga, mafrikwensi a wailesi. Imeneyi imasinthidwa masiku 28 aliwonse, tsiku limodzi padziko lonse, potsata ndondomeko yotchedwa AIRAC, ndipo kawirikawiri woyendetsa amaika yekha. Mtundu wachiwiri ndi pulogalamu yeniyeni yoyendetsa masikiriniwo pamodzi ndi timabokosi tobisika kumbuyo kwake. Apa ndi pamene pali ntchito ya injiniya wa avionics, kutanthauza zipangizo zamagetsi za mundege.

Iye asanagwire khadi amayamba wawerenga chikalata cha kampani yopanga ndegeyo, n'kuona ngati nambala ya pulogalamu ikugwirizana ndi mtundu wa ndege ili patsogolo pakeyo. Amalumikiza ndege ku magetsi apansi kuopa kuti batire ingathere pakati pa ntchito. Amalemba mmene zinthu zinaikidwira kale. Pulogalamu ikalowa sanyamuka ayi. Amayang'ana nambala yatsopano pa kabokosi kalikonse, amayesa wailesi, autopilot (makina othandiza ndege kudziyendetsa yokha) ndi mageji, ndipo pakatsala X wofiira ngakhale mmodzi pa sikirini, ntchito sinathe. Pomaliza amalemba zonse m'buku la ndegeyo n'kusaina, ndi nambala ya laisensi yake pambali.

Siginechayo ndi imene mwana wanu alibe, ndipo pa benchi sangaipeze. Foni ikafera m'manja mwake, kasitomala amakalipa, kenako amagwirizana zobweza. Sikirini ikanama za kutalika kwa ndege, woyendetsa ali m'nkhungu ya ku Viphya mwezi wa June, alibe poima kuti aone chavuta. Ife a ku Mzuzu nkhungu imeneyi timaidziwa, ija imabisa ngakhale galimoto ili patsogolo pako.

Njira yake ndi iyi. Masamu, Physics ndi Chingerezi za pa MSCE zikhale bwino, ndipo ngati zinavuta alembenso, palibe chamanyazi. Chingerezicho musachipeputse, chifukwa mabuku onse okonzera ndege amene adzawagwire ali m'chinenerochi, ndipo mawu amodzi osamveka bwino amasokoneza ntchito yonse. Kenako aphunzire zamagetsi ndi electronics, kaya ku koleji ya zaluso kudzera ku TEVETA kapena digiri ya uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre. Maphunziro enieni okonza ndege amapezeka m'malo ngati sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa ndi East African School of Aviation ku Nairobi, ndipo amafuna ndalama zambiri, choncho banja liyambe kukambirana msanga. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amati wolandira laisensi akhale wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo kuti azisainira ndege yonse akhale atagwira ntchitoyi zaka 4, kapena 2 ngati anadzera sukulu yovomerezeka.

Ndisakubiseni, bwalo lathu la ndege kuno limakhala zii masiku ambiri. Ntchito zotere adzazifuna ku Kamuzu International Airport, ku Chileka, kapena kunja monga ku Wilson Airport ku Nairobi, kumene ndege zing'onozing'ono zili mbwee. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti maphunziro a electronics satayika. Khomo la ndege likachedwa kutseguka, a mafoni, a makina a m'chipatala ndi a sola amamufunabe munthu wotere.

Pa benchi paja musamuletse, manjawo akuphunzira. Ingomugulirani kope la hadikava, azilembamo foni iliyonse imene wakonza: tsiku, vuto lake, pulogalamu imene anaipeza, imene waikamo, ndi mmene anaiyesera asanaibweze, n'kusaina pansi. Pakatha mwezi mulitsegule kopelo muli limodzi, zotsatira zake za MSCE zili pambali.