Kwa mayi a ku Ulongué: mulekeni mwanayo aphunzire utolankhani

Mayi, mwati mwana wanu wamkazi akumaliza kalasi 12 ndipo akufuna utolankhani kuti azikatola nkhani kumayiko akunja, koma bambo ake akukana, ati si ntchito ya mkazi. Ine ndikuti mulekeni apite.

Kunali mayi wina wa ku America, Dorothy Thompson, mwana wa m'busa, wobadwa mu 1893. Mu 1920 anawoloka nyanja kupita ku Ulaya popanda nyuzipepala yomulemba ntchito, ankangolemba nkhani n'kumagulitsa imodziimodzi. Patangopita zaka zochepa anali akutsogolera ofesi ya nyuzipepala ku Berlin, ku Germany. Mu 1931 anakhala pansi ndi Hitler n'kumufunsa mafunso maso ndi maso. Apa anaphonya ndithu, anamuona ngati kamunthu kosapita patali. Koma atazindikira kuti njoka ija ndi yaululu anamukakamira ndi cholembera, mpaka mu 1934 boma la Hitler linamupirikitsa m'dzikomo. Kwawo, kuyambira mu 1936, danga lake la m'nyuzipepala lotchedwa On the Record linkatuluka katatu pa sabata, anthu miyandamiyanda n'kumawerenga. Anamwalirira ku Lisbon mu 1961.

Sindikubisirani, ntchitoyi imadya banja ndipo nthawi zina imadya moyo. Marie Colvin, mtolankhani wa nyuzipepala ya Sunday Times, anataya diso ku Sri Lanka mu 2001, kenako anaphedwa ndi bomba ku Homs, ku Syria, mu 2012. Nkhawa ya bambowo ili ndi pogwira, musainyoze.

Komatu ife a ku Tete tikudziwa phindu la nkhani yofika kutali. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, pafupi pomwepa ndi mzinda wa Tete. Boma linkafuna zikwiririke. Ansembe anasonkhanitsa mayina a ophedwa, ndipo mu Julaye 1973 nyuzipepala ya The Times ya ku London itasindikiza nkhaniyo dziko lonse linagwedezeka. Agogo anga ankatchula malo amenewa monong'ona, ngati khoma lili ndi makutu.

Tsono mwana wanuyo asathamangire kutali. Ayambire pa wailesi ya m'dera lathu lino la Angónia, atenge foni apite kumsika akafunse amayi ogulitsa mbatata ya kachewere za mtengo wa feteleza, aphunzire kumvetsera ndi kulemba dzina la munthu molondola. Chinyanja ndi Chipwitikizi ali nazo kale, awonjezere Chingerezi, kenako Maputo, ku Universidade Eduardo Mondlane kuli maphunziro a utolankhani. Tsiku limene adzalankhule koyamba pa wailesipo, mudzaikire bambo ake wailesi pakhonde amve okha.