Mafunso pa Chichewa: ntchito yobwerezedwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu tiilembe bwanji?

Aphunzitsi ena a kusukulu ya pulayimale kufupi ndi Luchenza atilembera kuti amasunga mndandanda wa ntchito zawo pa foni, m'kafayilo ka mawu okhaokha kotsata kalembedwe ka todo.txt, kamene Gina Trapani anayambitsa mu 2006. M'kalembedwe aka ntchito iliyonse imakhala pa mzere wakewake, ndipo ikatha munthu amaika chilembo x kumayambiriro kwa mzerewo. Funso lawo ndi ili: "Ndimaitana mayina a ana m'kaundula m'mawa uliwonse umene kuli sukulu. Ndikalemba kuti 'tsiku lililonse' ndiye kuti ndaphatikizapo Loweruka ndi Lamulungu. Kodi ndilembe bwanji kuti Chichewa chikhale cholondola?"

Mwaona bwino, aphunzitsi, chifukwa "tsiku lililonse" ndi "tsiku ndi tsiku" ndi mawu osadumpha tsiku ngakhale limodzi, ndipo amayenera ntchito monga kumwa mankhwala kapena kuyeza mvula m'minda ya tiyi, zimene sizidikira kuti kunja kwacha tsiku lanji. Ambiri amathawira ku mawu akuti "masiku a ntchito", koma kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje mawuwa satanthauza chinthu chimodzi kwa aliyense, pakuti wothyola tiyi m'nyengo ya dzinja, pamene masamba akuphuka mofulumira, Loweruka amalawira kumunda ndi dengu kumsana, ndipo wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika wa Bvumbwe sadziwa n'komwe kuti sabata yathera pati. Nawo mawu akuti "mkati mwa sabata" ena amawamva ngati akunena za Lachitatu kapena Lachinayi basi. Choncho ine ndimalangiza kulemba mosabisa kuti "kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu", ndipo kwa inu "masiku a sukulu" ndi mawu afupi amenenso akunena zoona.

Mayina a masikuwa ali ndi phunziro lawo. Onse amayamba ndi la- kapena lo- chifukwa kumbuyo kwawo kwabisala dzina lakuti "tsiku", la m'gulu la Li-Ma, kotero kuti Lachiwiri ndi "tsiku lachiwiri" ndipo Loweruka ndi "tsiku loweruka", tsiku limene anthu ankaweruka ntchito ya sabata yonse. N'chifukwa chake timati "Lolemba lililonse", "Lachisanu lapitali" ndi "Lachinayi likubwerali", osati "Lolemba aliyense" kapena "Lachisanu yapitayi". Kuwerenga kwathu kumayambira Lolemba, ndipo apa tili ndi mwayi umene anthu ambiri sauzindikira. Mapulogalamu ochuluka a pakompyuta amapatsa Lolemba nambala 1 ndi Lachisanu nambala 5, kutanthauza kuti 2 ndi Lachiwiri, 3 ndi Lachitatu ndipo 4 ndi Lachinayi, monga momwe mayina athu akunenera kale. Wolankhula Chichewa akaona 1-5 m'pulogalamu yotere sasowa kuwerengera pa zala.

Gawo limene ndikufuna kukhalitsapo ndi la mneni, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukalemba kuti "Kuitana mayina" mwangotchula ntchito, osanena kuti ichitika kangati. Mukalemba kuti "Ndiitane mayina" mwadzilamula kuchita kamodzi. Mukalemba kuti "Ndimaitana mayina" mukufotokoza chizolowezi chimene chilipo kale, ndipo chiganizo chotere chimayenera lipoti lopita kwa ahedi, osati mndandanda wa zoyenera kuchita. Chimene mukufuna ndi mphatikiram'kati -zi-, amene amasonyeza kuti ntchito ikuyenera kuchitika mobwerezabwereza: "Ndiziitana mayina kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu." Ndi -zi- yemweyo amene mayi amagwiritsa ntchito pouza mwana kuti "uzisamba m'manja usanadye".

Samalani ndi lembo lomaliza la mneni. "Ndizitenga makope" ndi lamulo lobwerezedwa ndipo limathera ndi a, pamene "zolembera zija ndizitenge" likuthera ndi e, ndipo -zi- wa mmenemo akuimira zolemberazo, zimene mutenge kamodzi kokha. Palinso -dzi-, wosonyeza kuti wochita ntchito akudzichitira yekha, monga mu "ndimadzikumbutsa". Olemba ambiri pa WhatsApp amasakaniza awiriwa n'kulemba "ndidzipita" pofuna kunena "ndizipita", koma m'kalembedwe kovomerezeka awiriwa ndi osiyana, ndipo akhoza kukumana m'liwu limodzi, monga mu "ndizidzikumbutsa".

Komabe pulogalamu siimva Chichewa, choncho -zi- ndi wa inu owerenga, ndipo makinawo amafuna chizindikiro chawochawo. Mapulogalamu ena owerenga todo.txt, monga sleek ndi topydo, amazindikira rec:1d ngati kubwereza tsiku lililonse, pamene rec:1b amadumpha Loweruka ndi Lamulungu. Mzere wanu ukhoza kuoneka chonchi:

Ndiziitana mayina +kaundula @sukulu due:2025-02-28 rec:+1b

Mu mzerewu +kaundula ndi @sukulu ndi zizindikiro zongosanjira ntchito m'magulu, ndipo due: ikutchula tsiku limene ntchito iyenera kuchitika. Tsiku la 28 February 2025 linali Lachisanu, ndiye mukachonga mzerewu pulogalamu imalemba wina wa Lolemba pa 3 March. Chizindikiro + chapatsogolo pa 1b chikutanthauza kuti kuwerenga kuyambire pa tsiku limene ntchito inayenera kuchitika, osati pa tsiku limene mwaichonga. Koma taonani kuti 3 March ndi tsiku la tchuthi lokumbukira anthu amene anafera ufulu wa dziko lino, ndipo pulogalamuyo sidziwa zimenezo, monganso sidziwa za 15 January, 6 July kapena holide ya pakati pa materemu. Masiku otere muyenera kuwasuntha nokha. Pulogalamu ina yosungira mndandanda wa ntchito, yotchedwa Taskwarrior, ili ndi recur:weekdays yogwira ntchito yofanana ndi rec:1b, pamene mu inanso yotchedwa Org mode zizindikiro zobwereza monga +1d (tsiku lililonse) ndi +1w (sabata iliyonse) sizidumpha mapeto a sabata, ndipo ena amangolemba mizere isanu, uliwonse wobwerezedwa pa sabata kamodzi. Pamenepo mpamene "Lolemba lililonse" ndi "Lachiwiri lililonse" amagwira ntchito.

Akalaliki ena a ku Makwasa afunsa kuti analembera anzawo mndandanda wa ntchito n'kuikapo mawu akuti "kupatula Lasabata", ndipo anzawowo anajomba Loweruka n'kubwera Lamulungu. Kodi analakwa ndani? Bambo, palibe amene anaphonya Chichewa, koma mawu amene munasankha ali ndi matanthauzo awiri. Kwa Akhristu a mipingo yambiri Lasabata ndi Lamulungu, pamene kwa a Seventh-day Adventist, amene akhala pa mishoni ya Malamulo kwanu komweko kuyambira 1902, Sabata ndi Loweruka. M'chikalata chimene awerenge anthu a mipingo yosiyana lembani "Loweruka" kapena "Lamulungu", ndipo mawu akuti "sabata" muwasiyire nyengo ya masiku asanu ndi awiri, imene enanso amaitcha mulungu ndi m wamng'ono.

Bambo omwewa afunsanso za kufupikitsa mayina a masiku kuti mizere isatalike. Apa Chichewa chimavuta pang'ono, chifukwa mayina onse amayamba ndi L, Lolemba ndi Loweruka amafanana pa Lo-, ndipo anayi amayamba ndi Lachi-. Ngati mndandanda ndi wanu nokha, manambala 1 mpaka 5 akukwanirani pa chifukwa chimene ndanena kale. Ngati awerenganso anzanu a pa ofesi, lembani dzina lonse, pakuti mukafufuza liwu lakuti "Lachinayi" m'fayilomo pulogalamu idzapeza mizere yokhayo imene dzinalo lalembedwa lathunthu ndiponso mofanana.