Kodi zaka ndi zakudya zimakhudza mphamvu ya umuna?

Funso: Ndili ndi zaka 46, ndipo patha zaka ziwiri mayi akunyumba osatenga pathupi. Kodi ndi ukalamba? Ndizidya chiyani?

Yankho: Bambo, mwamuna akapitirira zaka 40, mbewu za mu umuna zimayamba kuyenda mofooka, mwa zina chifukwa zinthu zowononga maselo zimadya khungu la mbewuzo ndi kufooketsa michira imene zimasambira nayo. Mavitamini C ndi E, komanso michere ya zinki ndi seleniyamu, zimathandiza kuteteza mbewuzo. Kuti mupeze zimenezi, muzidya magwafa, malalanje, matimati, mtedza, nthanga za maungu, mazira ndi usipa. Fodya musiyiretu, mowa muchepetse.

Musayembekezere kusintha msanga: mbewu yatsopano imakhwima pakatha miyezi pafupifupi 3. Mapiritsi a mavitamini ochuluka sathandiza kwenikweni, mwinanso amawononga.

Pitani nonse awiri kuchipatala. Poyezetsa umuna, mukhale masiku 2 mpaka 7 osagonana.