Filimu yanu ya ku Chitakale musaijambulenso m'Chingerezi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mwajambula filimu ya mphindi 18 ku Chitakale ku Mulanje, nkhani ya mayi wotchola tiyi amene mwana wake anapita ku Johannesburg n'kusiya kuimba foni, ndipo osewera akulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chilhomwe. Anzanu akuti kuti ikaonetsedwe pa chikondwerero cha mafilimu ngati cha ku Zanzibar muyenera kuijambulanso m'Chingerezi, apo ayi ingoikani pa YouTube zithe. Zonse ziwirizi ndikukupemphani kuti musachite.

Ku Zanzibar International Film Festival, ngakhalenso ku Durban komwe chikondwerero chawo chinayamba mu 1979, mafilimu a Chiswahili, Chizulu ndi zilankhulo zina amaonetsedwa chaka ndi chaka, Chingerezi chikungolembedwa pansi pa chithunzi. Osankha mafilimu kumeneko amaonera ambirimbiri, ndipo imene imawagwira mtima ndi yowaonetsa malo ndi anthu amene sanawaonepo. Inu muli ndi mizere ya tiyi yokwera mpaka m'tsinde mwa phiri, amayi a madengu kumsana, chiperoni chikatseka Sapitwa masiku angapo. Koma choposa zonsezo ndi pakamwa pa mayiyo. Munthu amene anazolowera kudandaula m'Chilhomwe, mukampatsa mawu a Chingerezi kuti aloweze, nkhope imauma, amayamba kulankhula ngati mwana akuwerenga pa bolodi, ndipo chisoni chonse chimathawa. Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, anachita kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind. Anajambulira ku Kasungu, ndipo filimuyo inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America mu 2019 isanafike pa Netflix. Mlendo anaona kuti nkhani ya ku Wimbe, kwawo kwa Kamkwamba, imafuna chilankhulo cha eni ake, ndiye ife eni aketo titaye chathu?

Khomo nalonso Amalawi anzathu anatsegula kale. Tapiwa Gwaza anapata mphoto ku Africa Movie Academy Awards mu 2010 ndi Seasons of a Life ya Shemu Joyah. Joyce Mhango Chavula anapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ndipo a Joyah anatenga mphoto yomweyo, ya filimu yabwino kum'mwera kwa Africa, mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti moyo wa m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo sunaonekebe mokwanira pa kanema, chonsecho mabanja ochuluka kuno amadya za tiyi.

Tsono chimene chingagwetse filimu yanu ndi mawu. Chithunzi chikhoza kukhala cha foni, anthu amakhululuka, koma akamalephera kumva zimene wosewera akunena amaileka pa mphindi ziwiri zoyamba. Ndipo Chitakale mukuidziwa: njinga zamoto za kabaza, makondakitala akuitanira a Limbe ndi a Muloza, chigayo, mphepo yotsika m'phiri, mvula pamalata. Valani mahedifoni, tsekani maso, mverani filimu yonse. Pamene pakusokosa, itanani osewerawo m'chipinda chaching'ono, tchingani makoma ndi mabulangete ndi matilesi, abwereze mawu awo akuyang'ana chithunzi pa laputopu, maikolofoni kapena foni ili pafupi ndi pakamwa. Kenako bwererani pamalo pomwe munajambulira m'mamawa kusanasokose, mukatenge phokoso la malowo lokha, mbalame, masamba, mapazi m'matope, mudzaliyale pansi pa mawuwo kuti zisamveke zouma. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa koma ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi kujambulanso filimu yonse.

Ma subtitles, mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi aja, musawasiyire makina a pa intaneti. Pezani munthu wodziwa bwino Chilhomwe ndi Chingerezi, aphunzitsi alipo ambiri kuno, mukhale naye pansi. Mizere isapitirire iwiri, ndipo mwambi ukabwera alembe tanthauzo lake mwachidule.

Pali za mapepalanso, zomwe achinyamata ambiri amazinyalanyaza. Nyimbo ya woimba wina musaiikemo popanda chilolezo cholembedwa, ndipo za umwini wa nyimbo a COSOMA angakuunikireni. Kuli bwino kukambirana ndi gulu la tchopa la m'mudzi mwanu, muwajambule nokha, muwalipire zimene mwagwirizana, dzina la gulu lawo lilembedwe kumapeto. Aliyense wooneka mufilimumo asayine kuti wavomera, ana awasayinire makolo. Ngati munalowa m'munda wa esiteti, kalata ya eni ake ikhalepo.

Za YouTube dikirani kaye. Zikondwerero zambiri zimakana filimu imene ili kale poyera pa intaneti, chifukwa zimafuna kuti anthu akaionere koyamba kwa iwo. Tsegulani akaunti pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, komwe zikondwerero zambiri zimalandirira mafilimu, ndipo werengani malamulo a chikondwerero chilichonse. Cha ku Zanzibar ndi cha ku Durban zimachitika cha pakati pa chaka, ndiye kulandira amatseka miyezi ingapo m'mbuyo. Pamene pali ndalama yolembetsera, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuchotsereni, ena amavomera. Chenjeraninso ndi zikondwerero zongotolera ndalama: ngati palibe zithunzi za anthu akuonera mafilimu zaka zapitazo, zisiyeni. A Film Association of Malawi nawonso adziwitseni kuti muliko.

Podikira yankho, amayi amene anasiya ntchito zawo kudzasewera aja aionere iwo poyamba. Bwerekani pulojekita, kolekani nsalu yoyera m'kalasi kapena m'holo ya tchalitchi, muitane iwo ndi abale awo okha. Pamene ayambe kucheza okhaokha kapena kutuluka panja, pamenepo mpofunika kudula, ngakhale filimu itsike kufika mphindi 14.

Mukakonza mawuwo, ikani kachidutswa ka mphindi imodzi m'gulu muno, makamaka pamene mayiyo akulankhula, timve ngati zikumveka musanatumize kulikonse.