Kodi Bentley ya "Old Number One" ikadali galimoto yomwe ija ya 1929?

Bambo wina amene amagwira ntchito ya umakaniko wanditumizira imelo atawona chithunzi cha Bentley yakale yokonzedwanso, yonyezimira ngati yatuluka dzulo m'fakitale. Funso lawo ndi ili: "Akuti galimotoyi inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1929, koma ndamva kuti chasesi, injini ndi bodi zonse zinasinthidwa. Nanga chatsala n'chiyani? Kodi si chinyengo chimenechi?"

Bambo, funso lanu linafika mpaka kukhoti lalikulu ku London mu 1990, ndipo ndalama zomwe zinali pamkangano ndi mapaundi 10 miliyoni.

Galimotoyi ndi Bentley Speed Six yodziwika ndi dzina loti "Old Number One", nambala ya chasesi LB2332, yopangidwa mu 1929 ku Cricklewood, kumpoto kwa London, kumene kampani ya W.O. Bentley inkapangira magalimoto ake. Inali ndi injini ya masilinda 6, ya malita 6 ndi theka. Chaka chomwecho Woolf Barnato ndi Tim Birkin anapambana nayo mpikisano wa maola 24 ku Le Mans, m'dziko la France, ndipo malo anayi oyambirira onse anatengedwa ndi ma Bentley. Mu 1930 inapambananso, Barnato akusinthana chiwongolero ndi Glen Kidston. Barnato ameneyu ndi amene ankathira ndalama m'kampaniyo, ndipo chuma chake chinachokera ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley, South Africa, kumene bambo ake Barney Barnato analemerera.

Mu 1931 kampani inagwa, Rolls-Royce n'kuigula. Galimoto inakhala ya Barnato mwiniwake, ndipo apa m'pamene funso lanu likuyambira.

Barnato ankafuna kupitiriza mipikisano pa bwalo la Brooklands ku England, lomwe linali la konkire, lokhala ndi makona otsetsereka ngati khoma, komanso la mabampu osaneneka. Chasesi yoyamba ija inali itatopa. Makaniko wake, Walter Hassan, anaiphwasula mu 1932 n'kuimanganso pa felemu yolimba ya Bentley ya mtundu wa 4 Litre, akusamutsa zipangizo zomwe zinali zikadali bwino. Kenako anaikamo injini ya malita 8 m'malo mwa yakale ija. Mu Seputembala chaka chomwecho, pa mpikisano wa mamailosi 500, woyendetsa wake Clive Dunfee anakwera nayo pamwamba kwambiri pa kona, tayala linapitirira m'mphepete mwa konkire, galimoto inagubuduzika ndipo iye anafera pomwepo. Ndimaona kuti anthu akamasilira penti yonyezimirayo amaiwala msanga kuti pa ngozi ya galimoto imeneyi panafa munthu. Barnato sanaipikisanitsenso. Inakonzedwa, n'kuvekedwa bodi yotseka yoyendera mumsewu, ndipo patapita nthawi inagulitsidwa.

Ndiye mukunena zoona. Zitsulo zambiri zomwe zinazungulira Le Mans mu 1929 mulibemo.

Mu 1990 mwini wake panthawiyo, Edward Hubbard, anagwirizana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti aigule pa mtengo ndatchula uja. Ogulawo atafufuza mbiri yake anabwerera m'mbuyo, akunena zomwe mukunenazi, kuti iwo amafuna galimoto yomwe inapambana ku Le Mans, osati ya 1932. Hubbard anakasuma. Hassan, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, anabwera kudzaperekera umboni wa zomwe manja ake anachita zaka 58 m'mbuyomo. Woweruza, Justice Otton, anagamula mokomera Hubbard. Anavomereza kuti galimotoyo sitinganene kuti ili momwe inatulukira m'fakitale, koma anapeza kuti mbiri yake sinadukepo kuyambira 1929, ndipo palibe galimoto ina iliyonse yomwe inganene kuti ndiyo Old Number One.

Ine ndili kumbali ya woweruzayo, ngakhale ndikudziwa chifukwa chake inu zikukuvutani kumeza. Kwathu kuno galimoto timaidziwa ndi nambala ya chasesi yolembedwa m'mapepala ake, ndipo munthu akasintha chasesi mwakachetechete timayamba kumukayikira kuti pali chobisa. Koma galimoto ya mpikisano ya nthawi imeneyo sinkakhala chimodzimodzi ngakhale miyezi iwiri. Ikabwera ku mpikisano ankaimasula, chosweka n'kutaya, chotha n'kusintha, bodi n'kuikapo ina yogwirizana ndi bwalo lotsatira. Chofunika kufunsa ndi chakuti anasintha ndani, liti, ndipo chifukwa chiyani. Pano anasintha ndi mwini wake yemwe anapambana nayo, kudzera mwa makaniko amene ankaisamalira, pofuna kuti ithamangebe. Sanabise kanthu, ndipo sanamange galimoto yachiwiri pambali n'kuipatsanso dzina lomwelo.

Chinyengo chenicheni chilipo m'malonda a magalimoto akale, ndipo ndimadana nacho. Munthu amatola kachitsulo kamodzi kokhala ndi nambala ya galimoto yotchuka yomwe inatheratu kalekale, n'kumangirapo galimoto yatsopano yonse, kenako n'kumagulitsa mbiri yomwe galimotoyo sinaione. Ma Bentley ambiri amene anatuluka ndi bodi yotseka anavulidwanso n'kuvekedwa bodi yotsegula ya Le Mans chifukwa ndi imene imakwera mtengo. Zimenezo si mlandu ngati wogulitsa akunena poyera, koma zimandipweteka, chifukwa ntchito ya amisiri a matabwa ndi zikopa amene anapanga mabodi oyambawo inatayidwa.

Chithunzi mwaonacho, ngati chikuonetsa galimoto yotsegula ya mipando iwiri ndi mchira wosongoka, ndi maonekedwe a ku Brooklands, osati a ku Le Mans, kumene inali ndi bodi ya mipando inayi monga malamulo a mpikisanowo ankafunira. Ngati mungapeze zithunzi za 1929 ndi za 1932, ziyikeni pamodzi muyang'ane kutalika kwa boneti ndi momwe galimoto yakhalira pansi. Inu monga makaniko muona kusiyanako msanga kuposa ine, ndipo ndingakonde mutandilembera zomwe mwapeza.